Ndinasankha Mbalame Ndili Wokwiya

Kwathu amanditchula Kamvuluvulu. Dzinali anandipatsa ndi achimwene anga ndili mwana, ati ndikapsa mtima ndimayamba ndagwetsa zinthu, kufunsa pambuyo. Zaka zonsezi ndakhala ndikulikana. Lero sindilikananso.

Ndine telala. Ndimasokera m'chipinda changa chomwe, m'nyumba ya lendi yosanja, pamwamba. Pansi panga penipeni pamakhala Anesi, mayi wa yunifomu yoyera mbee, amene akakupatsa moni umatsala ukudziyang'ana ngati wadetsa penapake. Wamagetsi wanga ndinamudziwa chifukwa cha iwowo. Amayi ake anamutuma kukakonza soketi kwa Anesi, soketi yopanda vuto lililonse, cholinga awiriwo aonane. Iye anakwera masitepe n'kugogoda khomo lolakwika. Soketi yanga ndiyo inkathetheka zenizeni. Anaikonza, anamwa tiyi, mawa lake anabweranso kudzaona ngati ikugwira bwino. Patha chaka ndi miyezi iwiri akubwerabe kudzaiona.

Chotipinga chinali chimodzi, amayi ake. Wamagetsi anabadwa yekha, ndipo chimwalirireni bambo ake amakhala ndi amayiwo. Anandiuza mosabisa kuti sangakwatire munthu amene amayi ake sanamulandire. Ndinapitako katatu. Katatu konse ananditchula "atelala", n'kundifunsa ngati ndimatha kupinda makatani. Koma Anesi, amene amakawayeza kuthamanga kwa magazi Loweruka lililonse, iwo ndiye "mwana wanga". Zinkandiwawa, ndisaname.

*

"Vuto lako ukulidziwa?" anatero Wamagetsi tsiku lina, atakhala pampando wa makasitomala akusewera ndi tepi yanga yoyezera. "Umawakambira za anthu. Amayi za anthu anatopa nazo. Uziwakambira za mbalame."

"Ndiwakambire chiyani za mbalame? Kuti zili ndi mapiko?"

Pabalaza pawo, pafupi ndi zenera, pali khola lamatabwa lokhala ndi denga ngati kanyumba. Mmenemo mumakhala kambalame kachikasu kotchedwa kanare, kochepa kuposa dzanja langa, koma kakatsegula kukhosi simungamvane. Amayi amakalonjera ngati munthu: "Mwadzuka bwanji, bambo?" Ine ndinkangoti ndi ukalamba.

"Ugule yako, uzisunga kuno," anatero. "Ukawafunsa kadyetsedwe kake, adzayankhula mpaka tiyi kuzizira. Iweyo ntchito yako ndi kungomvetsera. Ungathe?"

"Ndiye ukunditukwanatu."

"Ndikungofunsa."

Anaseka, ine ndinamugenda ndi kansalu. Nzeru yake inali yabwino, abale. Ndinaiwononga ndine.

*

Loweruka m'mawa tinapita kwa Bambo a Mbalame. Sitolo yawo ndi kachipinda kakatali kuseri kwa okonza njinga, makhola mbali zonse mpaka kudenga, fungo la mapira ndi nyuzipepala zonyowa. Eni ake ndi bambo wamfupi wa magalasi omanga ndi waya. Ndisanaloze n'komwe, anakweza dzanja.

"Muyambe mwandiyankha, mayi. Mumakhala pakhomo kapena mumachoka m'mawa kubwera madzulo? Oyandikana nawo amapirira phokoso? Nanga mukufuna mbalame yoti muziigwira, kapena yoti muziimvera?"

"Ndikufuna yoti apongozi andikonde," ndinatero.

Wamagetsi anandiponda phazi.

"Imeneyo inatha chaka chatha," anayankha bamboyo osaseka n'komwe. "Tiyeni muone zimene zilipo."

Anayamba ndi tizinkhwe tobiriwira ndi tabuluu, tolongolola ngati tili pamsika. Anati timeneti ndi taubwenzi, ukatizolowetsa timatera paphewa, tina mpaka timaphunzira mawu. Atamva kuti ndimasoka anapukusa mutu.

"Ayi, toto. Timafuna kutuluka m'khola tsiku lililonse, ndipo timatafuna chilichonse. Ulusi wanu kadzameza, apo ayi udzakakola mwendo. Singano zili mbwee pansi. Mudzalira."

Tinasunthira kwa ziwiri za masaya ofiira, zitatsamirana pakamtengo ngati zikujambulitsa.

"Izi amati mbalame zachikondi. Dzina lokha limenelo. Nsanje yake! Ikakonda mmodzi, wina aliyense imaluma." Anatiwonetsa chipsera pachala chachikulu.

"Tapezatu yako," anatero Wamagetsi. "Mwafanana."

"Iwe, usandiyambe pagulu."

Panalinso timbalame ta milomo yofiira, tambirimbiri m'khola limodzi, todumphadumpha osapuma. Bamboyo anati timeneti sitisamala za munthu. Iwe umangokhala wantchito wawo, kuthira mapira, kusintha madzi, basi. Ndinati antchito otero tilipo kale ambiri m'dziko muno.

Kumapeto kwa chipinda kunali timakhola tinayi, kalikonse ndi kanare kamodzi.

"Kwa munthu wa makina, iyi ndiye mbalame," anatero. "Sifuna kugwidwa, sifuna kutuluka. Ikamva makina akulira imayesa ndi mpikisano, iziimba tsiku lonse."

"Nanga bwanji mwaziika payokhapayokha?"

"Ndi zazimuna. Yaimuna ndiyo imaimba, ndipo imaimba chifukwa ikuitana mkazi. Ikamupeza nyimbo imachepa, ina imangosiyiratu kwa nthawi yaitali. Ofuna nyimbo amasunga imodzi."

Mawu omalizawo Wamagetsi sanawamve. Foni yake inali italira, kasitomala wina magetsi atamuthimira, ndipo anali atatuluka kukayankha. Nthawi yomweyo yanga inanjenjemera. Chinali chithunzi chochokera kwa Anesi. Anali atakhala pabalaza paja, phewa ndi phewa ndi amayi a Wamagetsi, khola lili pambuyo pawo. Pansi analemba kuti: "Ndili ndi amayi anga, mwana wathu akutiimbira." Pasanathe mphindi unabwera uthenga wina: "Pepani asisi, ndimatumizira wina."

Ati wina! Munthu amatumizira wina pa nambala ya telala wake?

Mtima unandiyaka. Ndinayang'ana timbalame tinayi tija, kalikonse kakudzikhadzula kukhosi kuitana mnzake amene sadzabwera, ndipo maganizo oipa anandilowa. Ndinati, oho, kodi ndi choncho! Mayi ameneyu amasunga mbalame yokha kuti izimuimbira. Ndi mwana wake yemwe akumusunga chimodzimodzi.

"Yaikazi ilipo?" ndinafunsa.

"Ilipo imodzi. Koma siimba, imangoti tswii." Anatsitsa kakhola pashelefu. Kanali kachikasu kotuwirako, pamutu pali banga loderapo ngati kamanga duku. "Kunyumba muli ndi yaimuna?"

"Ayi."

Sindinaname kwenikweni. Kunyumba kwanga kunalibe.

"Mukadzaipeza, musadzangoziphatikiza. Makhola awiri moyandikana kaye, milungu ingapo. Ndipo za nyimbo zija musaiwale."

"Ndamva."

Amati safunsa adadya phula. Ine ndinafunsa, ndinauzidwa, phulalo n'kudyabe. Wamagetsi polowa anapeza kakhola kali m'manja mwanga.

"Yosaimba? Pa zonsezi?"

"Phokoso la makina likundikwana," ndinatero, maso ali kumbali.

*

Kanakhala kwanga sabata imodzi, ndipo ndinakakonda, ichi ndiye chimandipweteka. Ndinakapachika pafupi ndi zenera. Kankasamba m'chivindikiro cha botolo, madzi n'kumwazikira pansalu za anthu, ine osakwiya. Ndikamasoka kankapendeketsa mutu kuyang'ana singano ikukwera n'kutsika. Ndikaimitsa makina kankati tswii, ngati kakufunsa kuti mwalekeranji. Pofika Lachisanu mkwiyo uja unali utazirala. Ndinadziuza kuti ndingokawaonetsa amayi, ndifunse za kadyetsedwe, monga tinapanganirana.

Lamlungu masana ndinafika nako. Amayi anali pampando wawo, bulangete pamaondo. Ataona kakhola anavala magalasi, n'kuweramira kutsogolo.

"Aa! Kavala duku," anatero, ndipo anaseka. Chiyambire ndinali ndisanawaonepo mano. "Kaduku. Tabwera nako pafupi kuno."

Anayankhula, abale! Anati mapira okha sakwana, ndizikapatsa katsamba kobiriwira kotsuka bwino, ndi chikhokhombe cha dzira chowiritsa chosinja. Anati ndisakaike pamphepo, ndipo mankhwala a udzudzu ndisapopere m'chipinda chimene kali. Ine ndinkangoti inde amayi, inde amayi. Wamagetsi anali pakhomo la kukhitchini akundiphethira diso. Zinkatheka. Ndikanangokhala phee theka la ola lina, bwenzi pano ndikusoka diresi yanga yaukwati.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anesi analowa ndi chikwama chawo, Lamlungu, tsiku losayeza aliyense.

"Mwana wanga, tabwera udzaone mbalame ya atelala," anatero amayi.

Anesi anasuzumira, n'kumwetulira. "Kokongola. Koma kakuoneka kofooka. Mwagula kuti, asisi?" Osadikira yankho, anawadzutsa amayi mowagwira pachigongono n'kupita nawo kukhitchini. Ndinawamva akutsegula kabati ya masupuni osafunsa kuti ili pati. Shuga anali atatha, Wamagetsi anathamangira kugolosale. Ndinatsala ndekha pabalaza, ine ndi mbalame ziwiri.

Kanare ka amayi kanali kakuimba mokweza kuposa kale, kataona mlendo. Ndinaimirira. Ndinatsegula kachitseko ka khola lamatabwa, ndinatsegula ka kakhola kanga, n'kulumikiza makomo awiriwo. Kaduku kanazengereza, kenaka kanadumphira mkati. Nyimbo inadukira pakati.

Chete ameneyo ndiye anawatulutsa amayi kukhitchini. Anaima pakhomo, supuni ili m'manja.

"Mwatani, atelala?"

Ndikanati pepani. Ndikanati kanathawira mmenemo. M'malo mwake ndinamwetulira, ine Kamvuluvulu, n'kunena mokweza kuti ndi Anesi omwe amve:

"Ndinamva chisoni, amayi. Chamoyo chilichonse chimafuna mnzake. Si bwino kusunga chinthu chokhachokha kuti chizikuimbirani."

Wamagetsi anali atangolowa, shuga ali m'manja. Aliyense m'chipindamo anamva kuti sindikunena mbalame.

"Mwatero?" anatero amayi motsitsa mawu. Wamagetsi anapita kukhola kuti akatulutse, iwo anamuletsa. "Zisiye momwemo. Atelala akudziwa zambiri. Tione."

Tiyi wa tsiku limenelo sindikumbukira kukoma kwake.

*

Lolemba Wamagetsi anandilembera mawu amodzi: "Sikanaimbe."

Ndinayankha kuti kazolowera, apatse nthawi.

Lachitatu: "Mpaka pano zii. Amayi sakutuluka kuchipinda m'mawa."

Loweruka anaimba foni. Sanandifunse kuti ndadzuka bwanji.

"Ndadutsa kwa Bambo a Mbalame. Akuti anakuuza. Unadziwa kuti kasiya kuimba?"

"Anati zina zimasiya, osati zonse."

"Ndikufunsa ngati unadziwa."

"Ndinadziwa! Nanga iwe sukuona zimene akukuchita? Zaka makumi atatu ndi zisanu, ukupemphabe chilolezo ngati mwana wa sukulu!"

Anadula. Ndinadikira kuti aimbanso monga mwa nthawi zonse. Masiku anayi anadutsa foni ili duu.

Lachinayi masana ndinamva mapazi ake pamasitepe. Ndimawadziwa, amaponda awiriawiri. Tsiku limenelo ankaponda limodzilimodzi. Ndinatsegula asanagogode. Anali ndi chikwama cha zida paphewa, kakhola kanga kali m'manja, Kaduku kali mkati.

"Lowa," ndinatero.

"Ndaima pompano." Anaika kakhola pansi, pakati pa iye ndi ine. "Khola lamatabwa lija anakhoma ndi bambo anga. Anali kalipentala. Mbalame ija anabwera nayo ili kamwana, chaka chimene anayamba kudwala. M'mawa uliwonse akamameta ndevu ankaimba mluzu, kanyimbo kamodzi komweko. Iyo inatola. Ikamamaliza nyimbo yake imatsiriza ndi mluzu wa bambo, katatu, kutsika. Iwe sungamve chifukwa sunawadziwe. Amayi amadzuka tambala asanatsike kukakhala pampando uja kudikira pamenepo. Zaka zinayi tsopano."

"Mwadzuka bwanji, bambo" uja anandibwerera m'makutu.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndimati ndidzakuuze ukadzalowa m'nyumba. Si nkhani youza mlendo."

Apa munthu wanzeru akanagwada. Ine m'mawu onsewo ndinatolamo limodzi.

"Mlendo? Chaka ndi miyezi iwiri, ndine mlendo? Anesi akudziwa, eti? Iwo ndiye a m'nyumba?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ofiira.

"Tipume kaye," anatero, n'kutembenuka.

Ndinaima pakhomo ndikumvetsera akutsika. Pansi chitseko chinatseguka, ndipo ndinamva mawu a Anesi, otsekemera ngati athira uchi: "Achimwene, soketi ija yayambanso. Simungalowe pang'ono?" Yankho sindinalimve. Ndinangomva chitseko chikutsekeka.

Kamvuluvulu anadzuka. Ndinanyamula kakhola, ndinakankha zenera, ndinatsegula kachitseko.

"Pita! Nonse pitani!"

Kaduku sikanafune. Kanakakamira pakamtengo kake kakundiyang'ana ndi mutu wopendekeka uja. Ndinagwedeza khola. Ndinaligwedezanso mwamphamvu, mapira n'kumwazika. Kanatuluka mophupha, ngati kansalu kouluzika, n'kutsikira kumunsi osaonekanso.

Posuzumira kuti ndione kumene kagwera, ndinaona msewu. Kutali uko, pafupi ndi pokhotera, Wamagetsi ankayenda yekha, chikwama paphewa, mutu uli pansi. Sanalowe kwa Anesi.

Mayo ine! Ndinatsika masitepe opanda nsapato. Ndinafunafuna kuseri kwa nyumba, m'ngalande, pansi pa magalimoto, m'mitengo ya mumpanda wa eni nyumba. Ndinaitana tswii, tswii ngati wamisala, anthu akundiyang'ana. Pakhoma panali mphaka wa oyandikana nawo akunyambita dzanja. Ndinamugenda osadziwa ngati walakwa. Dzuwa litapendeka ndinakwera, ndinakankhira kakhola pansi pa tebulo losokera, n'kukaphimba ndi nsalu kuti ndisakaone.

Lachisanu lonse sindinasoke. Ndikaponda makina n'kuimitsa, panalibe wondifunsa kuti ndalekeranji.

*

Loweruka m'mawa ndinamva wina akukwera masitepe pang'onopang'ono, akupuma pa lililonse. Ndinayesa ndi kasitomala wa diresi yochedwa. Nditatsegula ndinapeza amayi a Wamagetsi, atagwira khoma, thukuta lili pamphumi.

"Amayi! Mwakwera nokha?"

"Maondo akana, koma ndawakakamiza. Pali pokhala?"

Ndinachotsa nsalu pampando wa makasitomala. Anakhala, anayang'ana makina, madiresi opachika, zenera. Ndinawapatsa madzi. Anamwa onse asanayambe.

"Mbalame ija sikudya," anatero. "Ndimayesa ikatsala yokha iyambanso kuimba. Sikuimba. Ikungokhala pansi pa khola, nthenga zitaima, n'kumaitana. Si nyimbo imeneyo, ndi kulira. Lero ndi tsiku lachitatu. Kambalame kotero sikakhalitsa ndi njala."

Phazi langa linali likukhudza kakhola pansi pa tebulo.

"Masiku khumi aja sinaimbe, zoona. Koma inkadya, inkasamba, inkamudyetsa mnzakeyo pakamwa. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinali nditakwiya. Ndiye dzulo ndayang'ana patebulo, mwana wanga wakhala chimodzimodzi, mbale osaikhudza. Ndinati ha, m'nyumba muno odwala ndi awiri." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya mpango. "Mawu anu aja anali achipongwe. Munandinyoza pamaso pa anthu, ndipo sindinaiwale. Koma sanali abodza."

"Amayi, pepani. Za mluzu zija sindinadziwe. Ndikanadziwa..."

"Pepani sapoletsa chilonda, koma ndalandira. Bambo ake sali m'mbalame, ndikudziwa. Ndinkangofuna kuwamva kamodzi patsiku, basi." Anawongoka. "Ndiye ndabwera kudzatenga Kaduku. Kali kuti?"

Apa ndi pamene Mulungu anandipatsa khomo lachiwiri. Ndikanakoka nsalu ija, ndiwaonetse kakhola kopanda kanthu, ndilire pamapazi awo. Mwina akanatuluka osatsanzika. Mwina ayi. Koma ndinayang'ana nkhope imene inali itangoyamba kundifewera, ndipo ndinaopa kuti iumanso.

"Kali kwa Bambo a Mbalame," ndinatero. "Ndinakapititsa kuti akadule zikhadabo. Ndikakatenga, ndibwera nako madzulo ano."

Anapuma mozama, ngati watula mtolo.

"Ubwere nako wekha. Ndiphika. Uyo ndamuuza kuti lero asachoke pakhomo." Anaimirira, n'kundigwira dzanja kuti ndiwathandize kutsika. Tili pakati pa masitepe anandifinya zala. "Usachedwe, mwana wanga."

Mawu amene ndinawadikira chaka ndi miyezi iwiri. Ndinawamva ndili ndi bodza m'kamwa.

*

Ndinathamangira kusitolo ija. Bambo a Mbalame anali akusintha nyuzipepala m'makhola.

"Ndikufuna yaikazi ina. Ya banga pamutu, ngati ija."

"Ngati ija kulibe. Yaikazi iliyonse kulibe mpaka mwezi wamawa." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ija yatani?"

Ndinawauza zonse, osabisa ngakhale za kugwedeza khola. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anavula magalasi n'kukhala pakampando.

"Mayi, mbalame yobadwira m'khola sidziwa kuti chakudya chimapezeka pena posakhala m'mbale. Sidziwa mphaka. Inu munayesa mwaimasula?"

"Sindinayese kanthu. Ndinakwiya."

"Tsiku lija ndinakufunsani mafunso atatu. Ndinaiwala lachinayi, loti mukugulira ndani." Anapukusa mutu. "Ndipo ngakhale ndikanakhala nayo ina, mukananamiza amayiwo, osati yaimunayo. Pitani mukafunenso. Zotere sizipita kutali, zimagwera pafupi pomwepo."

Ndinabwerera. Ndinazunguliranso nyumba, kawiri. Ndinafunsa mayi wogulitsa tomato pageti, ndinafunsa ochapa magalimoto. Palibe anaona. Cha m'ma folo koloko ndinakwera kuchipinda kwanga, n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo, nsana kukhoma.

Foni inanjenjemera. Chithunzi, chochokera kwa Anesi. Katoni ya nsapato yobowola timabowo, itatsegulidwa pang'ono, patebulo la nsalu yoyera. Mkatimo, pafupi ndi chivindikiro cha madzi, munali kambalame kachikasu kotuwirako ka banga pamutu. Kamoyo. Ndinapsompsona foniyo, misozi ili chuchuchu. Kenaka uthenga unalowa.

"Uwu sindinatumize molakwika, asisi. Kanagwera pakhonde panga Lachinayi. Ndinali panja, ndinaona mmene munkagwedezera khola. Lero m'mawa ndamvanso zimene mwawauza amayi, mazenera athu ndi oyandikana. Zikhadabo zake zili bwinobwino."

Ndisanapume unalowa wina.

"Ndine munthu wachifundo. Tsikani mudzatenge, mukapereke nokha, ine pakamwa nditseka mpaka kalekale. Koma mukakapereka mukatsanzikenso, mwana wa eni mumusiye. Mukakana, ndipita nako ndekha sikisi koloko, ndikafotokoze mmene ndinakapezera."

Ndinawerenga katatu. Ndikatsika, ndamutaya. Ndikapanda kutsika, ndamutayabe, ndi dzina la wabodza pamwamba. Ndikathamangira kwa amayi kukaulula ndekha, ndifika manja ali zii, pamene mbalame ya malemu yagona pansi pa khola tsiku lachitatu osadya. Zonsezi ndinazisoka ndekha, ndi manja angawa, pa muyezo wanga womwe.

Foni inanjenjemeranso. Wamagetsi, koyamba chichokereni Lachinayi.

"Amayi atulutsa makapu a alendo, kenaka awabweza, ati iwe si mlendo. Akufunsa kuti umathira masupuni angati. Ndakusowa, Kamvuluvulu. Usachedwe."

Ndinayamba kulemba kuti awiri. Chala chinaima. Pansi panga, kudzera pazenera limene ndinalitsegula ndekha, kamawu kanakwera kamodzi, kofunsa.

Tswii.